Kalata yotseguka kwa oyendetsa zionetsero za zaluso: ganizirani mlendo musanakhome msomali woyamba

Kwa inu akuluakulu oyendetsa misika ya zaluso, eni nyumba zoonetseramo zaluso, ndi a makhonsolo amene mumaloleza kuimika ziboliboli m'mapaki ndi m'misewu,

Landirani moni wathu. Amene tikulemba kalatayi ndife anthu a ntchito zamanja pa zionetsero zanu: opachika zithunzi, oimika ziboliboli, okonza magetsi, olondera zipinda ndi oyenda ndi alendo. Dandaulo lathu ndi limodzi. Chinthu chikasweka, munthu akavulala, kapena anthu akatuluka akung'ung'udza, mlandu umagwera mlendo. Amati ndi wosasamala, sadziwa zaluso, wangobwera kudzadzijambula. Koma mukailondola nkhaniyo bwinobwino mupeza kuti vuto linabadwira pa pulani, miyezi ingapo zitseko zisanatsegulidwe, pamene munkagawa malo ndi ndalama popanda womulankhulira mlendoyo.

Mu February 2023, pa msika wa Art Wynwood ku Miami, kachiboliboli ka galu ka waluso Jeff Koons kotchedwa Balloon Dog, koumbidwa ndi dothi lowotcha losalala, kanagwa n'kuswekeratu. Mtengo wake unali madola 42,000. Atolankhani anathamangira kunena za mlendo amene anagunda choimikapo chake. Ife funso lathu ndi lina: chinthu chosachedwa kusweka chotere chimagwa bwanji pongogunda choimikapo, usiku wotsegulira, pamene aliyense akudziwa kuti anthu adzapanikizana? Choimikapo chachitali, chopanda kanthu m'kati, chimafunika matumba a mchenga pansi pake kapena kuchikhomerera pansi ndi mabawuti. Chinthu cha pamwambacho chimamatidwa ndi phula lapadera la ntchito imeneyi, kapena kuchilowetsa pa kachitsulo kobisika. Phulalo limagwira bwino pa galasi ndi pa dothi losalala, koma pa mwala kapena dothi losapaka kanthu limalowerera n'kusiya banga, ndiye pamenepo pamafunika kachitsulo kapena bokosi la galasi. Komanso choimikapo chisakhale pangodya, pokhotera anthu, chifukwa munthu akamakhota maso amakhala ali kutsogolo, chigongono ndi chikwama zikutsalira m'mbuyo. Mu 2017, pa chionetsero cha The 14th Factory ku Los Angeles, mlendo wina anatsamira choimikapo chimodzi podzijambula ndipo mzere wonse unagwetsana chimodzi pambuyo pa chinzake. Zoimikapo zikandandalikidwa moyandikana chotero, mpata pakati pake uzikhala waukulu kuposa kutalika kwake, apo ayi chilichonse chikhomeredwe pachokha.

Za njira zoyendamo tikudziwa kuti pamenepa m'pamene pagona ndalama zanu, poti malo alionse amene simunabwereketse kwa wogulitsa ndi phindu lotayika. Komabe thupi la munthu silichepa chifukwa lendi yakwera. Njinga ya munthu wolumala imafuna mpata wa masentimita osachepera 91 kuti idutse, ndi pafupifupi 152 kuti itembenuke kapena kuti ziwiri zipatukirane. Mumsewu waukulu wa pakati pa holo, pamene ena aima n'kumayang'ana ena akudutsa, tikupempha mamita osachepera 3. Ogulitsa ambiri amakonda kukweza pansi pa kachipinda kawo ndi matabwa kuti abise mawaya. Akatero muziwakakamiza kuika chitsetsereko: pa sentimita iliyonse yokwera pamafunika masentimita 12 m'litali, ndiye pokwera masentimita 10 pafunika chitsetsereko cha masentimita 120. Popanda chimenechi wa panjinga amaonerera ali panja, ndipo woyenda pansi, amene maso ake ali pakhoma, amapunthwa.

Art Basel, msika wa zaluso umene unayamba mu 1970, imasonkhanitsa ogulitsa oposa 250 mumzinda wa Basel chaka ndi chaka. Munthu atati apatse kachipinda kalikonse mphindi ziwiri zokha, maola 8 atha asanamalize, osawerengera kuyenda, kudya ndi kudikira pamzere. Misika yocheperapo, monga 1-54 imene inayamba ku London mu 2013 kapena ART X Lagos ya mu 2016, nayonso imatha tsiku lathunthu kwa munthu wofuna kuona mofatsa. Nanga mipando ili kuti? Nthawi zambiri ili m'chipinda cha alendo olemekezeka ndi pamalo ogulitsa zakudya, pamene munthu sangakhale osagula. Nkhaniyi si yachilendo. Mu 1916 Benjamin Ives Gilman wa ku Museum of Fine Arts ku Boston anasindikiza zithunzi za munthu akuwerama, kugwada ndi kudzitambasula pofuna kuona zinthu zoikidwa molakwika, n'kuonetsa kuti kutopa kwa mlendo kumachokera pa kaikidwe ka zinthu. Zaka zoposa 100 zapita, ife tikadali kupempha benchi. Ikhale yotalika masentimita 43 mpaka 48, ndipo mabenchi ena akhale ndi potsamira ndi pogwira podzuka, chifukwa benchi yosalala yokongola ija nkhalamba ikakhalapo imavutika kunyamuka. Madzi akumwa ndi zimbudzi zioneke pa mapu, ndipo mapuwo akhalenso a papepala.

Tsopano tikambe za tizikwangwani ta pambali pa zithunzi. Kafukufuku amene anachitika ku Metropolitan Museum of Art ku New York, wofalitsidwa mu 2001, anapeza kuti pa avareji mlendo amaima pa chithunzi chotchuka masekondi pafupifupi 27. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngati theka la nthawi imeneyi lithera pofufuza kachikwangwani, chithunzicho chaonedwa liti? Mayina a wojambula ndi a ntchitoyo, chaka, zipangizo ndi kukula kwake zilembedwe m'zilembo zosachepera saizi 18, zakuda pa pepala loyera kapena zoyera pa lakuda. Zilembo zotuwa pa khoma lotuwa zimakongola pa kompyuta ya wokonza, pakhoma siziwerengeka. Kachikwangwani kazikhala mbali imodzimodzi ya chithunzi chilichonse, pa msinkhu woti woimirira ndi wokhala panjinga awerenge onse, cha m'ma masentimita 120 kuchokera pansi. Mukakaika patali ndi chingwe chotchinga, ndinu amene mwamuitana mlendo kuti awerame mpaka mphuno ifike pa penti, kenako mlonda amukalipire.

Ena mwasiya kulemba, mwangomata QR code, kachizindikiro kowerengedwa ndi foni. M'holo yodzaza anthu masauzande netiweki imafooka, batire la foni limatha masana, ndipo si aliyense ali ndi foni yotha kuwerenga zimenezo. QR code ikhale yowonjezera, zofunika zikhale pakhoma. Mawu ofotokozera akhale ochepa, 50 kapena 60 akwana, ndipo anene chimene diso silingadziwe lokha: chinthuchi chapangidwa ndi chiyani, anachipanga bwanji, chikuyankha nkhani yanji. Chinenero chakuya chimene akatswiri mumalemberana chimapangitsa munthu wanzeru zake kudzimva wopusa, ndipo wodzimva wopusa sabweranso.

Pa mitengo tilankhule mosabisa. Msika ndi msika. Kadontho kofiira kamauza munthu kuti chinthu chagulidwa, koma mtengo wa zimene zatsala mumaubisa, kuti wofuna afunse. Amene anazolowera amafunsa. Wobwera koyamba, amene mwina akanagula kachithunzi kakang'ono ka wojambula wachinyamata, amaopa kuchita manyazi n'kudutsa. Ngati ogulitsa safuna mitengo pakhoma, pakhale pepala la mitengo pathebulo loti aliyense atha kulinyamula osapempha.

Za kuwala pali mfundo zimene sitikutsutsana nazo. Ntchito za papepala, nsalu ndi zithunzi za penti yamadzi zimaunikiridwa ndi ma lux (muyezo wa kuwala) pafupifupi 50, za penti yamafuta pafupifupi 200, chifukwa kuwala kumafwifwitsa utoto ndipo wafwifwa sabwerera. Chimene mumaiwala ndi diso la munthu. Panja dzuwa likaswa mtengo kuwala kumafika ma lux 100,000. Munthu wochokera kumeneko akalowa mwachindunji m'chipinda cha ma lux 50 amangoona mdima kwa mphindi zingapo, ndipo okalamba amatenga nthawi yaitali kuposa achinyamata. Konzani kuti kuwala kuzichepa pang'onopang'ono kuchokera pakhomo, ndipo m'chigawo chimenecho musaikemo masitepe kapena chinthu chapansi. Nyali iunike chithunzi mopendekeka madigiri pafupifupi 30 kuchokera pamzere woongoka wochokera kudenga. Ikapendekeka kwambiri galasi limabweza kuwala m'maso ndipo mlendo amaona mthunzi wake. Ikaongoka kwambiri, felemu imaponya mthunzi pamwamba pa chithunzi. Pakati pa chithunzi pamakhala masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi. Musanatsegule, wina akhale pampando n'kuyendera chipinda chonse ali chokhala, chifukwa galasi looneka bwino kwa wamtali nthawi zina limangothwanima kwa mwana ndi kwa wa panjinga.

Zipinda za mavidiyo ndiye zimasiyidwa ngati zopanda mwini. Pakhomo palembedwe kutalika kwa filimuyo ndi nthawi imene imayambiranso, kuti munthu asankhe yekha kudikira kapena kubweranso. M'kati mukhale kamzere ka kuwala pansi kolozera mipando ndi potulukira. Ngati muli kuwala kophethira kangapo pa sekondi, chenjezo likhale panja, chifukwa kuphethira koposa katatu pa sekondi kutha kudzutsa khunyu mwa anthu ena. Makoma a matabwa opyapyala satchinga phokoso. Mavidiyo awiri oyandikana amasanduka chisokonezo chimodzi, choncho alekanitseni kapena perekani mahedifoni, ndipo wina aziwayesa m'mawa uliwonse.

Chovuta kwambiri pa zaluso za masiku ano n'chakuti mlendo sadziwa choti agwire ndi choti asagwire. M'chipinda chimodzi akumuuza kuti alowe, akhale, akankhe. M'chipinda chotsatira akumukalipira chifukwa wayandikira. Nenani pa chinthu chilichonse, ndi mawu komanso ndi chizindikiro. Ndipo yesani chinthucho ndi khamu la anthu chisanatsegulidwe. Mu 2010 ku nyumba yoonetseramo zaluso ya Tate Modern ku London, waluso Ai Weiwei anamwaza njere za mpendadzuwa zadothi zokwana 100 miliyoni kuti anthu aziyendapo, koma patangopita masiku ochepa analetsa chifukwa mapazi ankatulutsa fumbi la dothi loopsa kulipuma. Mu 2018 ku nyumba yoonetseramo zaluso ya Serralves mumzinda wa Porto, mlendo anagwera m'dzenje la Anish Kapoor lotchedwa Descent into Limbo, lakuya mamita pafupifupi 2.5, lopakidwa utoto wakuda bii moti limaoneka ngati bwalo longojambula pansi. Machenjezo analipo. Phunziro lake n'lakuti ntchito imene cholinga chake ndi kunyenga diso idzanyengadi diso la wina, ndiye pamafunika kuchepetsa olowa nthawi imodzi ndi kuika mlonda amene alibe ntchito ina koma imeneyo. Chingwe chotchinga chofika m'mawondo chimapunthwitsa wobwerera chambuyo pojambula, pamene mzere wongomata pansi munthu wosaona saumva ndi ndodo yake. Kamtanda kolimba kotsika, kosiyana mtundu ndi pansi, kamathandiza onse awiri. Zikwama za kumsana zikhale ndi posungira paulere. Alonda muziwauza chifukwa cha lamulo lililonse, kuti mafuta ndi thukuta la m'zala zimadya chitsulo ndi kudetsa mwala, kuti nawonso azifotokoza m'malo mongoti "osagwira".

Tafika panja, pamene cholakwa chimatha kupha munthu. Mu October 1991, pa ntchito ya Christo ndi Jeanne-Claude ya maambulera akuluakulu 3,100 oimikidwa ku Japan ndi ku California, mphepo inazula ambulera imodzi ku California n'kupha mayi wina. Mu July 2006 ku Chester-le-Street ku England, Dreamspace V, chinyumba chopopa mpweya cha Maurice Agis chimene anthu ankalowamo, chinamasuka pa zingwe zake, chinanyamuka m'mwamba anthu ali m'kati, ndipo amayi awiri anamwalira. Pa milandu imene inatsatira panaoneka kuti kamangidwe kake pansi kanali kosakwanira.

Mphepo imanyenga chifukwa mphamvu yake sikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 36 pa ola imakankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 6 pa sikweya mita iliyonse. Ikafika makilomita 72 pa ola mphamvuyo yafika pafupifupi 25. Chipupa cha mamita 3 m'litali ndi 2 m'mwamba pamenepo chikukankhidwa ndi makilogalamu oposa 150, ndipo poti mphamvuyo ikugwira pamwamba, chimene chimachitika ndi kugubuduka. Pakati pa nyumba zazitali mphepo imapanikizika n'kuthamanga kuposa imene a zanyengo alengeza. N'chifukwa chake tikupempha kuti chilichonse chachitali kuposa munthu, kapena chopopa, kapena chokhala ndi nsalu, chisaimikidwe popanda masamu osainidwa ndi injiniya. Zikhomo zokhomera m'nthaka ziyesedwe pozikoka pamalo pomwepo, ndipo ziyesedwenso mvula ikagwa, poti dothi lonyowa limataya mphamvu yogwira. Pa simenti, pamene simungakhome, pamafunika zolemera zowerengedwa, osati mabuloko awiri atatu ongotola. Pamalopo pakhale chida choyezera mphepo. Muyezo wa ku Ulaya wa zoseweretsa zopopa umaika malire pa makilomita 38 pa ola, ndipo mphepo sisiyanitsa ntchito yaluso yopopa ndi choseweretsa. Chofunika koposa: lembani dzina la munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yotseka nthawi yomweyo, osayamba waimbira foni bwana, wojambula kapena wopereka ndalama.

Ana adzakwera. Chikwangwani choletsa sichisintha zimenezi, makamaka paki usiku popanda mlonda. Choncho chiboliboli cha panja chiziyesedwa ngati kuti anthu angapo alendewera mbali imodzi. Mipata ya pakati pa masentimita 9 ndi 23 ndi yoopsa, chifukwa thupi la mwana limadutsa mutu n'kukanirira. Opanga mabwalo osewerera ana amaipewa, inunso ipeweni. Nsonga zakuthwa zisakhale pa msinkhu wa maso. Chitsulo chakuda chikakhala padzuwa chimatentha kupitirira madigiri 60, okwanira kuwotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa, ndipo chitsulo chonyezimira chokhala ndi mphako chimasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi mpaka kuwaula zimene zili pafupi. Yenderani malowo m'mawa, masana ndi madzulo musanasankhe kumene chiyang'ane.

Madzi nawo amagwira ntchito yawo mwakachetechete. Chiboliboli cha mphako chopanda tiziboo pansi chimadzaza madzi, chimachita dzimbiri kuchokera m'kati pamene palibe akuona, ndipo kumayiko ozizira madziwo akaundana amang'amba zowotcherera. Chitsulo cha Corten, chokondedwa chifukwa cha dzimbiri lake lofiirira, chimachucha utoto umene umadetsa miyala yoyera ndi simenti kwa zaka, choncho pansi pake pamafunika miyala ing'onoing'ono kapena ngalande. Aluminiyamu yomangidwa ndi mabawuti a chitsulo china popanda chotchinga pakati imadyeka pamalo olumikizirapo pakakhala chinyezi. Magetsi a panja akhale m'mabokosi osalowa madzi, ndi chida chodula magetsi chokha pakatayika ma milliamp 30. Udzu wopondedwa ndi anthu masauzande umasanduka matope m'masiku ochepa, ndipo pamenepo wa panjinga ndi wokankha ngolo ya mwana atsala. Yalani njira yolimba kuchokera pageti mpaka pa chinthucho tsiku loyamba lisanafike.

Khamu la anthu nalonso liwerengedwe. Mu 2016 Christo anayala milatho yoyandama yotalika makilomita 3 pa nyanja ya Iseo ku Italy. Kulowa kunali kwaulere, ndipo m'masiku 16 panafika anthu oposa 1 miliyoni, m'dera la timatauni ting'onoting'ono. Sitima zinadzaza, anthu anadikira maola ambiri padzuwa, ndipo nyengo ikaipa ankachita kuchotsa anthu pa milathopo. Chinthu chikhale chaulere, inde, koma matikiti aulere osonyeza ola lolowera amathandiza kugawa khamu. Pamzere pakhale mthunzi, madzi ndi chikwangwani chonena nthawi yodikira, ndipo mukatseka chifukwa cha nyengo lengezani kumene anthu amakwerera ulendo, asanafike.

A makhonsolo, mawu awa ndi anu makamaka. Chiboliboli cha pabwalo chimaonedwa ndi anthu amene sanasankhe kudzachiona. Tilted Arc ya Richard Serra, chipupa cha chitsulo chotalika mamita pafupifupi 36 ndi kukwera mamita 3.6, chinaimikidwa pa Federal Plaza ku New York mu 1981 modula njira ya ogwira ntchito m'maofesi ozungulira. Mkangano unatenga zaka, unafika kukhoti, ndipo mu 1989 chinachotsedwa. Kaya inu muli mbali iti pa mlandu umenewo, kukhala tsiku limodzi pamalopo n'kuona kumene anthu amadutsa, kumene amakhala masana ndi kumene ogulitsa amaima n'kotchipa kuposa maloya.

Ndipo musapereke chilolezo popanda pepala lonena amene adzachisamalire ndi ndalama zake. Mabawuti azimangidwanso pa nthawi yoikika, zowotcherera ziziyang'aniridwa, utoto wa anthu olembalemba uzichotsedwa ndi mankhwala amene wojambula wavomereza, chifukwa mankhwala olakwika amawononga kuposa zolembazo. Pachikwangwani pakhale nambala yoti wodutsa aimbe akaona chinthu chikugwedera. Pepala lomwelo linenenso tsiku lochotsa ndi kachotsedwe kake. Nthawi yochotsa ndi pamene ndalama zatha, anthu atopa, ndipo galimoto ikudikira. Pa maambulera a mu 1991 aja, imfa yachiwiri inachitika ku Japan pochotsa, kireni itagunda waya wa magetsi. Tikupempha kuti pulani yochotsera isainidwe tsiku limodzi ndi yoimikira, malo atchingidwe kuti odutsa asayandikire, mawaya a pamwamba alembedwe pa mapu, ndipo mabowo ndi mabawuti otsalira pansi atsekedwe tsiku lomwelo.

Ndife anu pa ntchito,

Opachika, oimika, olondera ndi oyenda ndi alendo pa zionetsero za zaluso